Mwakonza apa, pawonongeka apo: zochita code ikayamba kuopsa kuigwira

Akupemphani kuti musinthe kanthu kakang'ono mu pulogalamu, ntchito yooneka ngati ya mphindi khumi. Mwatsegula fayilo, maso akukwera ndi kutsika, ola latha musanalembe ngakhale mzere umodzi chifukwa simukumvetsa chimene code (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsatira) ikuchita. Mwinanso munailemba ndinu nomwe miyezi itatu yapitayo. Kenako mwalimba mtima, mwasintha, zatheka. M'mawa mwake uthenga wafika woti chinthu china, chimene simunachikhudze n'komwe, chasiya kugwira ntchito. Mwakonza chimenecho, chachitatu chadzuka.

Zikafika apa ena amadziimba mlandu kuti mutu wawo sugwira, ena amaloza chala mnzawo amene anasiya ntchito chaka chatha. Ine ndaona kuti nthawi zambiri gwero lake ndi limodzi: code imene mukuyang'anayo ikubisa tanthauzo lake. Kompyuta ilibe nazo ntchito zimenezo, imayendetsa chilichonse bola chalembedwa motsatira malamulo a chinenerocho. Wovutika ndi munthu amene adzabwere kudzawerenga, ndipo pa ntchito yathuyi nthawi yowerenga imachuluka kwambiri kuposa yolemba. Code imene ikuyenda bwino koma munthu sangaimvetse ndi chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pansipa ndalemba njira imene ndimatsata ndikakumana ndi code yotere. Zitsanzo zambiri zili mu Python, chimodzi mwa zinenero zolembera mapulogalamu, koma matendawa sasankha chinenero.

## Musathamangire kukonza

Mtima umafuna kuyamba kusesa nthawi yomweyo: kusintha mayina, kuduladula ma function (zigawo za code zokhala ndi dzina ndi ntchito yake), kufufuta zooneka zopanda ntchito, ndi kukonza vuto lenilenilo, zonse pakamodzi. Apa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna. Mukasintha zinthu makumi awiri nthawi imodzi pulogalamu n'kusokonekera, mudziwa bwanji kuti mwa makumi awiriwo cholakwa ndi chiti?

Yambani ndi kulichititsa dala vutolo. Pezani njira yoti lizionekera nthawi iliyonse imene mwafuna: mwalowetsa chiyani, mwadina pati, mumayembekezera chiyani, chatuluka chiyani. Mukapeza, zilembeni ngati test, kapulogalamu kakang'ono koyesa ngati code ikutulutsa yankho loyembekezeka. Test imeneyi iyenera kulephera kaye musanakonze kanthu. Ikapambana pomwe vuto lidakalipo, ndiye kuti ikuyesa zina, osati vuto lanu.

Nanga ngati code yonseyo ilibe test ngakhale imodzi? Lembani ma test angapo ongojambula mmene ikuchitira lero, kaya zimene ikuchitazo n'zolondola kaya ayi. Ipatseni zolowa zosiyanasiyana, kuphatikizapo zam'malire: ziro, mndandanda wopanda kanthu, dzina lalitali kwambiri, tsiku la 29 February. Zimene yatulutsa zisungeni ngati yankho loyembekezeka. Simukuvomereza kuti mayankhowo ndi abwino. Mukungomanga belu loti lilire mukasuntha chinthu mosadziwa.

Ndiye pali lamulo limene sindiliphwanya ngakhale nthawi ithine bwanji. Kukonza kalembedwe ka code kukhale mu commit yakeyake (commit ndi mtolo wa zosintha umene mumasunga mu Git, chida chosunga mbiri ya code), kusintha zimene code imachita kukhalenso mu commit ina. Mu yoyambayo ma test onse azipereka mayankho omwewo ngati kale. Mu yachiwiriyo musinthe mizere yochepa, yoti mnzanu aione kamodzi n'kumvetsa. Zikasakanikirana, mzere umodzi woopsa umabisala pakati pa mizere mazana atatu yongosintha mayina, ndipo palibe amauona.

## Ngati zinkayenda bwino kale

Vuto likakhala loti mwezi watha kunalibe, musataye tsiku lonse mukuganizira. Git, imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 2005, ili ndi chida chofufuzira zimenezi. Mumalemba `git bisect start`, kenako `git bisect bad` kusonyeza kuti pamene mulipa n'powonongeka, kenako `git bisect good` pamodzi ndi commit yakale imene mukudziwa kuti inali bwino. Git imakuikani pakati pa ziwirizo, inu mumayesa n'kuiuza ngati pali bwino kapena ayi, iyo imadulanso pakati. Popeza ulendo uliwonse ikutaya theka, pa ma commit 1000 mumafika pa wolakwayo mutayesa maulendo pafupifupi 10. Ngati munalemba kale test ija, `git bisect run` imachita yokha zonsezi.

Chida chimenechi chimathandiza pokhapokha ma commit anu ali ang'onoang'ono. Chikakulozerani commit yosintha mafayilo 40 yokhala ndi uthenga woti "zosintha zina", mwangobwerera pomwe munayambira.

Mukapeza mzere wodabwitsa, musaufufute musanafunse mbiri yake. `git blame` imakuuzani commit imene inaubweretsa, ndipo `git log -S` yotsatiridwa ndi mawu ena imakuonetsani nthawi imene mawuwo analowa kapena kutuluka mu code. Kawirikawiri mzere wooneka wopusa unaikidwa chifukwa wina anapsa nazo kale.

## Mayina amene sanena zoona

Pa zonse zimene zimadwalitsa code, ichi ndiye ndimachiika patsogolo, ndipo ndichedwapo pang'ono.

Taonani mzere uwu:

```python
d = 30
```

30 wa chiyani? Masiku, masekondi, anthu? Wolemba ankadziwa tsiku limene ankalembalo. Inu lero muyenera kutsatira `d` ameneyu mpaka kumene akugwiritsidwa ntchito, mwina mafayilo atatu kutsogolo, kuti mudziwe. Tsono wina akhoza kunena kuti vuto ndi kufupika kwa dzinalo, n'kulisintha kukhala `nthawi_yodikira = 30`. Zakhalako bwino, koma msampha udakalipo. Mu Python, `time.sleep` imawerenga masekondi. Mu JavaScript, `setTimeout` imawerenga ma millisecond, zigawo 1000 za sekondi imodzi. Nambala yomweyo ikadutsa kuchoka ku seva kupita ku browser, kudikira kwa theka la mphindi kumasanduka kuphethira kwa diso, ndipo palibe uthenga wa cholakwika umene ungatuluke chifukwa 30 ndi nambala yovomerezeka mbali zonse ziwiri. Dzina loti `masekondi_odikira` likanakuchenjezani pomwepo pamene mumalemba.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera ongoyamba kumene. Mu September 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chitafika kale ku Mars. Pulogalamu ina ya pansi pano inkatulutsa mphamvu ya ma injini mu pound-force second, pamene pulogalamu yolandira manambalawo inkayembekezera newton second. Miyezo iwiriyi imasiyana pafupifupi ka 4.45. Manambala ankadutsa bwinobwino, opanda chizindikiro chonena kuti ndi a muyezo uti, mpaka chombocho chinatsika kwambiri kuposa mmene anakonzera ndipo sichinamvekenso. Chilichonse chokhala ndi muyezo, kaya ndi nthawi, kutalika, kulemera kapena kukula kwa fayilo, muyezowo ulowe m'dzina, kapena mupange mtundu wakewake wa data woti sungasakanizike ndi wina.

Dzina losamveka n'loipa, koma lonama ndiye loopsa zedi. Function yotchedwa `peza_wogwiritsa` imene, ikapanda kumupeza munthuyo, imamulembetsa mwakachetechete mu database. Function yotchedwa `onani_fomu` imene imatumizanso email. Woiitana amakhulupirira dzinalo, amaiitana kawiri poganiza kuti kungoyang'ana sikuwononga kanthu, ndipo email imapita kawiri. Mukapeza zotere muli ndi njira ziwiri: kusintha dzina kuti linene zonse, kapena kuigawa function pawiri. Mukaona kuti dzina loona likufuna "ndi" pakati, monga `onani_ndi_kutumiza`, imeneyo ndi mboni yoti muli ntchito ziwiri m'thumba limodzi.

Chinanso, chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi mu pulogalamu yonse. Ngati fayilo ina ikuti `kasitomala`, ina `wogula`, ina `munthu`, wowerenga amayamba kudzifunsa ngati zili zinthu zitatu zosiyana. Sankhani limodzi, makamaka limene eni ntchitoyo amatchula akamayankhula. Za chinenero cha mayinawo, gwirizanani ndi anzanu n'kukhazikika pa chimodzi.

Kutalika kwa dzina kuyenderane ndi mtunda umene likuyenda. `i` mu loop ya mizere itatu alibe mlandu. `i` yemweyo akamaoneka m'mafayilo asanu ndi chipongwe kwa owerenga.

## Lamulo limodzi, malo atatu

Ichi ndicho chimabala kwambiri vuto la pamutu pa nkhaniyi. Ndinagwirapo pulogalamu imene inkatseka akaunti munthu akalakwitsa password katatu. Anatipempha kuti tikweze malirewo afike pa kasanu. Ndinafufuza nambala 3 mu code yonse, ndinaipeza malo awiri: poyesa password ndi pa uthenga wouza munthu kuti watsala ndi mwayi kangati. Ndinasintha monsemo, ndinayesa pa kompyuta, zinayenda. Patapita masiku awiri madandaulo anayamba kufika kuchokera kwa olowa kudzera pa foni. Uthenga unkawauza kuti atsala ndi mwayi kawiri, koma akaunti inali itatsekedwa kale. Mbali ya foni inali ndi function yakeyake, ndipo mmenemo munalembedwa `if zolakwa > 2`. Lamulo lomwelo, koma nambala 3 munalibe, n'chifukwa chake kufufuza kwanga sikunaipeze. Anthu anakanika kulowa m'maakaunti awo pa nthawi imene ankawafuna, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa zinali zopeweka.

Mankhwala ake ndi kupatsa lamulolo nyumba imodzi:

```python
MALIRE_A_ZOLAKWA = 5

def akaunti_itsekedwe(zolakwa):
    return zolakwa >= MALIRE_A_ZOLAKWA
```

Onani kuti sindinangotulutsa nambala yokha. Ndatulutsanso kafanizidwe kake, chifukwa wina akalemba `>` pomwe mnzake walemba `>=`, asiyana ndi imodzi ngakhale onse akuwerenga nambala yomweyo.

Koma chenjerani, si zonse zofanana nkhope zili pachibale. Ngati buku la mu laibulale limabwerekedwa masiku 14, ndipo link yosinthira password imathanso pa masiku 14, amenewa ndi malamulo awiri amene angokumana pa nambala. Mukawamanga pamodzi, tsiku limene mudzasinthe limodzi mudzagwetsa linalo. Funso lodzifunsa ndi ili: chimodzi chikasintha, kodi chinacho chiyenera kusintha nacho nthawi zonse? Ngati yankho ndi ayi, zisiyeni padera. Ndaonapo code yowonongeka chifukwa chophatikiza mopupuluma, function imodzi yokhala ndi ma parameter (zolowa zimene function imalandira) asanu ndi awiri a `True` ndi `False` kuti ikwanire aliyense. Imeneyo imavuta kuposa mizere yobwerezedwa imene ankaithawa.

## Function imene simungaione yonse pa sikirini

Mukamawerenga `if` ali m'kati mwa `if` wina, mutu umasunga mfundo iliyonse imene mwadutsa kuti mudziwe pamene muli. Zikafika zinayi kapena zisanu, yoyamba ija yathawa kale. Malangizo a kalembedwe a Linux kernel amanena mosabisa kuti ngati mukufuna kulowa m'kati kopitirira masitepe atatu, pulogalamu yanuyo ikufunika kukonzedwa. Taonani iyi:

```python
def bwereka(munthu, buku):
    if munthu.walembetsa:
        if buku.lilipo:
            if munthu.mabuku_ali_nawo < 5:
                if not munthu.ali_ndi_lochedwa:
                    buku.lilipo = False
                    return "tengani"
                else:
                    return "bwezani kaye lakale"
            else:
                return "mwafika pa malire"
        else:
            return "bukuli palibe"
    else:
        return "lembetsani kaye"
```

Kuti mudziwe kuti "lembetsani kaye" akuyankha funso liti, muyenera kukweza chala kuchoka pansi mpaka pamwamba. Ntchito yeniyeni, yobwereketsa bukulo, yakwiriridwa pakati. Tsopano itembenuzeni, zokana zonse zituluke msanga:

```python
MALIRE_A_MABUKU = 5

def bwereka(munthu, buku):
    if not munthu.walembetsa:
        return "lembetsani kaye"
    if not buku.lilipo:
        return "bukuli palibe"
    if munthu.mabuku_ali_nawo >= MALIRE_A_MABUKU:
        return "mwafika pa malire"
    if munthu.ali_ndi_lochedwa:
        return "bwezani kaye lakale"

    buku.lilipo = False
    return "tengani"
```

Funso lililonse lili pafupi ndi yankho lake, ndipo mukalidutsa mukhoza kuliiwala. Code ikayalidwa chonchi, zobisika zimayamba kuonekera zokha. Mwaona kuti palibe pamene tikuwonjezera `mabuku_ali_nawo` munthu akatenga buku? Cholakwika chimenechi chinalimo kale mu yoyamba ija, koma maso anali otanganidwa ndi kuwerenga masitepe. Musachikonze mu commit yomweyi. Malizani kuyala, sungani, kenako lembani test yake ndi kuchikonza payekha.

Potembenuza mafunso motere samalani malire. Chotsutsana ndi `< 5` ndi `>= 5`, osati `> 5`. Apa m'pamene ma test ojambula aja amakupulumutsani.

Mu 1976 Thomas McCabe anafotokoza njira yowerengera kuchuluka kwa njira zodutsa mu function, yotchedwa cyclomatic complexity, ndipo anapereka 10 ngati malire oyenera. Zida zambiri zoyendera code zimawerenga nambala imeneyi lero, ndipo imathandiza kupeza ma function oyamba kuwaganizira. Koma musaikhulupirire kopitirira. Ma function awiri ali pamwambawa onse ali ndi nambala 5, pomwe kuwerengeka kwake n'kosiyana kutalitali.

Function ikakhala yaitali chifukwa ikuchita zambiri, yang'anani pamene wolemba anasiya mzere wopanda kanthu kapena ndemanga ngati "tsopano tiwerengere masiku". Pamenepo ndi pa mfundo, ndi podulira. Chigawocho chitulutseni, ndemanga ija isanduke dzina la function yatsopano. Chimene ndimayesetsa kwambiri ndi kulekanitsa code yowerengera ndi code yokhudza kunja, monga database, mafayilo, intaneti ndi wotchi. Function imene imalandira tsiku ngati parameter mukhoza kuiyesa ndi tsiku lililonse. Imene imafunsa yokha wotchi ya kompyuta imapambana test Lolemba n'kulephera pa mapeto a mwezi.

## Zolakwika zomezedwa

```python
try:
    sunga(zolemba)
except:
    pass
```

Mizere inayi imeneyi yadyera anthu masabata ambiri. Wolemba anatopa ndi uthenga wofiira, anautseka pakamwa. Tsopano kusunga kukalephera pulogalamu imapitirira ngati palibe chachitika, ndipo vuto limadzaonekera kutali, patapita masiku, ngati data yosowa imene palibe angafotokoze. Mu Python `except` wopanda dzina amagwira chilichonse, ngakhale dzina la variable limene mwalilemba molakwika, ngakhalenso Ctrl+C amene mukudina kuti muimitse pulogalamu.

Mukakumana ndi vuto losamvetseka, fufuzani malo otere poyambirira. Gwirani cholakwika chokhacho chimene mukudziwa chochita nacho, mochitchula dzina, monga `FileNotFoundError`. Zina zonse zisiyeni zikwere, zimveke. Ndipo uthenga umene mukulemba mu log, kaundula wa zochitika za pulogalamu, unene chimene chimachitika ndi pa chinthu chiti. "Zalephera" sathandiza munthu amene wadzutsidwa usiku kuti akonze seva.

## Zinthu zimene aliyense akhoza kuzisintha

Ngati vuto limabwera mwa apo ndi apo, kapena test imapambana ikakhala yokha n'kulephera ikayenda ndi zinzake, kayikirani data imene ma function ambiri akugawana. Variable ya global (yofikirika paliponse mu pulogalamu) imene mafayilo asanu akuilemba ilibe mwini, ndipo kuti mudziwe zimene ili nazo pa mphindi inayake muyenera kudziwa mbiri yonse ya pulogalamu kuyambira pamene inayatsidwa.

Python ili ndi msampha wina wa mtundu womwewu umene umakola ngakhale akatswiri:

```python
def onjezera(dzina, mndandanda=[]):
    mndandanda.append(dzina)
    return mndandanda
```

Mndandanda wopanda kanthuwo umapangidwa kamodzi kokha, pamene function ikukhazikitsidwa, osati nthawi iliyonse ikaitanidwa. Mukaiitana kachiwiri mupeza dzina loyamba lija lidakali momwemo. Ikani `None` m'malo mwake, mndandanda watsopano muupange m'kati mwa function.

## Code yakufa ndi ndemanga zotha ntchito

Anthufe timaopa kufufuta. Timaika `#` kutsogolo kwa mizere makumi asanu kuti kompyuta isaiyendetse n'kunena kuti mwina tidzaifuna. Timasiya function yakale imene palibe akuiitana. Aliyense wobwera pambuyo amataya nthawi kuiwerenga, ndipo amaopa kuichotsa chifukwa sakudziwa chimene inasiyidwira.

Code yakufa imatha kudzuka. Pa 1 August 2012 kampani ya Knight Capital, yogula ndi kugulitsa masheya ku America, inayamba kuyendetsa pulogalamu yatsopano imene inagwiritsanso ntchito flag yakale (flag ndi chizindikiro choyatsira kapena kuzimitsira gawo la code). Kale flag imeneyo inkayatsa code yotchedwa Power Peg, imene anasiya kuigwiritsa ntchito zaka zambiri m'mbuyomo koma osaichotsa. Mwa maseva asanu ndi atatu, imodzi sinalandire pulogalamu yatsopanoyo. Flag itayatsidwa, seva imeneyo inadzutsa Power Peg, ndipo pa mphindi pafupifupi 45 kampaniyo inataya madola oposa 400 miliyoni. Panali zolakwika zingapo tsiku limenelo, koma code yakaleyo ikanakhala itafufutidwa, sipakanakhala chodzuka. Fufutani. Git ikusungirani, mukadzaifuna mudzaipeza mu mbiri. Ndipo dzina kapena flag imene inali ndi tanthauzo lina kale musaipatse ntchito yatsopano.

Ndemanga nazo zimakalamba. Code imasinthidwa, ndemanga ya pamwamba pake imatsala ikunena zakale, ndipo kompyuta siingakuuzeni kuti yayamba kunama. Ndemanga yongobwereza zimene mzere ukunena kale ichotseni. Imene ndimaisunga ngati chuma ndi yofotokoza chifukwa: kuti tikudikira masekondi awiri apa chifukwa seva ya mbali inayo imakana tikaifunsa mofulumira, kapena kuti njira yooneka yachidule ija tinaiyesa ndipo inalephera pa zakutizakuti. Zimenezo code siingazinene yokha.

## Za maonekedwe musakangane

Pa mipata, ma tab ndi kutalika kwa mizere sindichedwapo, chifukwa makina amachita bwino kuposa ife. Python ili ndi PEP 8 kuyambira 2001, imene imati mipata inayi polowa m'kati ndi zilembo zosapitirira 79 pa mzere. Chida cha Black chimayala code ya Python chokha, Prettier imachita zomwezo ku JavaScript, ndipo Go imabwera ndi gofmt. Sankhani chimodzi, chiziyenda chokha musanapange commit, nkhani ithere pomwepo. Tsiku loyamba kuchiyendetsa pa code yakale, chikhale mu commit yakeyake.

Chokhacho chimene ndikufuna mukumbukire n'chakuti maonekedwe akhoza kunamiza maso. Mu February 2014 kampani ya Apple inakonza cholakwika mu code ya C yotsimikizira kulumikizana kotetezeka pa iOS ndi OS X. Mzere wa `goto fail;` unalembedwa kawiri motsatizana pansi pa `if` wopanda mabulaketi. Yonse iwiri inalowa m'kati mofanana, moti poiona inkaoneka ngati ili pansi pa `if`, koma wachiwiriwo unkayenda nthawi zonse n'kudumpha gawo lotsimikizira siginecha. M'zinenero za mtundu wa C ikani mabulaketi ngakhale pa mzere umodzi, ndipo yatsani machenjezo a compiler (chida chomasulira code kuti kompyuta iiyendetse) ndi linter (chida chofufuza zolakwika mu code).

## Mtima ukamati tingoyambiranso

Pa code yovunda kwambiri maganizo amenewa amabwera ndithu, ndipo ndimawamvetsa. Koma code yakale yonyansayo yasenza zinthu zambiri zimene palibe anazilemba pena paliponse: kasitomala amene dzina lake lili ndi chilembo chachilendo, fayilo imene imabwera yopanda mzere womaliza, lamulo limene linasintha pakati pa chaka. Kachigamba kalikonse ndi vuto limene wina anakumana nalo n'kulithetsa. Mukayambiranso, mudzakumana nawo onsewo kachiwiri, mmodzimmodzi, pomwe pulogalamu yakale ikufunabe kusamalidwa. Kampani ya Netscape inasankha njira imeneyi pa browser yake mu 1998. Netscape 5 sinatuluke n'komwe, Netscape 6 inadzafika mu November 2000, ndipo pa nthawiyo anthu ambiri anali atasamukira ku Internet Explorer, browser ya Microsoft.

Katswiri wa mapulogalamu Ward Cunningham anayerekeza code yosakonzedwa bwino ndi ngongole mu 1992: mukathamanga lero osakonza bwino, mumalipira chiwongoladzanja pa kusintha kulikonse kwa mtsogolo. Fanizoli limathandiza posankha poyambira. Fayilo yonyansa imene palibe waikhudza zaka zitatu siikukudyerani kanthu, isiyeni. Imene imakudyerani ndi yonyansa yomwenso mumaitsegula sabata iliyonse. Mbiri ya Git ikuuzani mafayilo amene amasinthidwa kawirikawiri. Yambani ndi amenewo, ndipo muzikonza kagawo kokhako kamene ntchito ya lero yakufikitsanipo: dzina limodzi, function imodzi, test imodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Musagwire nokha. Musanaphatikize zosintha zanu, mnzanu aziwerenge, ndipo inu mukhale chete. Pamene waima n'kufunsa kuti "apa mukutanthauza chiyani?", musamuyankhe pakamwa pokha, chifukwa wowerenga wa chaka chamawa sadzakhala nanu pafupi. Bwererani mu code, yankho likalowe m'dzina kapena mu ndemanga. Ngati mulibe mnzanu, gonani kaye, m'mawa muwerenge `git diff` yonse, imene imaonetsa zosintha zanu, musanatumize.

Ngati gawo lina lafikadi posakonzeka, lisintheni osagwetsa nyumba yonse. Ikani function imodzi kutsogolo kwake, ndipo onse oitana code yakaleyo azidutsira pamenepo. Lembani yatsopano pambali. Kwa kanthawi yendetsani zonse ziwiri pa zolowa zomwezo, muzigwiritsabe ntchito yankho la yakale, koma muzilemba mu log paliponse pamene mayankho asiyana. Izi zimatheka bwino pa code yongowerengera. Pa imene imatumiza email kapena kulemba mu database, yatsopanoyo muimange manja kaye kuti zinthu zisachitike kawiri. Kusiyana kulikonse kufufuzeni, chifukwa nthawi zina yolakwa ndi yatsopano, nthawi zina mwapeza vuto limene linabisala mu yakale kwa zaka. Log ikakhala chete kwa nthawi yokwanira kudutsa zochitika zonse za pulogalamuyo, kuphatikizapo kutha kwa mwezi ngati ili ndi ntchito za pamwezi, tembenuzirani onse ku yatsopano, ndipo yakaleyo muifufute sabata yomweyo pamodzi ndi flag imene mumasinthira.